Madzi Ofika ku Mizu: Momwe Kalimidwe ndi Kuthirira Zimasinthira Zokolola za Chimanga kuno ku Mulanje

M'midzi yathu si zachilendo kuona minda iwiri yogundana malire, yodzalidwa sabata imodzi, mbewu yofanana, feteleza wogulidwa m'sitolo imodzi, koma pokolola mwini munda wina akudzaza nkhokwe pamene mnzake ufa ukumuthera Okutobala asanafike. Anthu amati ndi mwayi, ena amaloza mbewu, ena feteleza. Kawirikawiri kusiyanako kumakhala pansi pa nthaka, pomwe maso saona: madzi amene anagwa m'mindayo ndi ofanana, koma amene anafika ku mizu ya chimanga pa nthawi yoyenera ndi osiyana.

Nkhaniyi ikutikhudza tonse. Pakhomo pakasowa chimanga mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama ya fizi ndiyo imayamba kugulira ufa, ndipo ophunzira ena amajomba kuti akagwire ganyu. N'chifukwa chake taona kuti m'kalata ino tifotokoze momwe kalimidwe ndi kuthirira zimagwirira ntchito. Ziwirizi zimaoneka ngati nkhani zosiyana, koma cholinga chake n'chimodzi: kusunga chinyontho chokwanira, osati chochepa kapena chopyola muyeso, pamalo pomwe pali mizu.

Chimanga chimamwa madzi ochuluka bwanji?

Bungwe la FAO limawerengera kuti chimanga chimafuna madzi a pakati pa mamilimita 500 ndi 800 kuchokera tsiku lodzala mpaka kukhwima, malinga ndi mtundu wa mbewu ndi kutentha kwa dera. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi. Choncho pa hekitala imodzi, milimita imodzi ndi malita 10,000.

Koma chimanga sichimwa mofanana masiku onse. Chikangomera chimafuna madzi ochepa. Ludzu lake limakula chikamafika m'chiuno, ndipo limafika pachimake pamene chikutulutsa ngayaye ndi ndevu. Ndevu iliyonse imalumikizana ndi diso limodzi la pa chitsononkho. Kuti disolo likhale njere, mungu wochokera ku ngayaye uyenera kugwera pa ndevu yakeyo. Ngayaye zimathothola mungu kwa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono basi. Nthaka ikauma nthawi imeneyi, ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo zikamadzatuluka mungu umakhala utatha. Zotsatira zake ndi chimanga cha magweru, kapena phesi lalitali lokongola lopanda kanthu. Ng'amba ya masabata awiri chimanga chili chaching'ono imachedwetsa kukula koma chimatha kuchira. Ng'amba yomweyo pa nthawi ya ngayaye imatha kuwononga theka la zokolola kapena kuposa.

Madzi ochuluka nawonso ndi mdani. Mizu imapuma mpweya umene uli m'timipata ta m'dothi. Madzi akadikha m'munda masiku angapo, timipatato timadzaza, mizu imabanika, masamba amasanduka achikasu, ndipo feteleza wobereketsa amene tagula modula amasungunuka n'kupita.

Mvula ya ku Mulanje

Boma lathu lili ndi mbiri ya mvula yambiri, ndipo n'zoona. Madera a kummwera kwa phiri, komwe kuli minda ya tiyi monga ku Mimosa ndi ku Lujeri, zaka zambiri amalandira mvula yoposa mamilimita 1,500, kuphatikizapo chiperoni cha m'miyezi yozizira. Kumbali ya Thuchila ndi kulowera ku Phalombe mvula imachepa. Pa chiwerengero chokha, madzi ndi okwanira chimanga. Vuto ndi kagwedwe kake.

Zaka ziwiri zotsatizana zinatiphunzitsa zimenezi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakhuthula mvula ya masiku angapo osaleka, mitsinje yochokera m'phiri inasefukira, ndipo minda yambiri inakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga ndi miyala. Chaka chotsatira, chifukwa cha El Niño, mvula inadula mu Febuluwale 2024, nthawi yomwe chimanga chambiri chinali pa ngayaye, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Mlimi wa kuno ayenera kukonza munda woti utulutse madzi akachuluka, komanso uwasunge akachepa.

Mizere: inachokera kuti, ndipo imathandiza chiyani?

Ambiri timaganiza kuti mizere ndi kalimidwe ka makolo kuyambira kalekale. Chilungamo chake n'chakuti madera ambiri a kummwera anthu ankadzala pa matutu kapena pansi posaunga. Boma la atsamunda ndi lomwe linakakamiza mizere yopingasa chitunda m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, makamaka nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, itadutsa njala ya 1949. Okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, ndipo malamulo a malimidwe amenewa anali chimodzi mwa zinthu zomwe zinakwiyitsa anthu ndi ulamuliro wa atsamunda. Patapita zaka mizere inakhazikika, ndipo lero ndi yomwe tikuiona pafupifupi m'munda uliwonse.

Mzere uli ndi ubwino weniweni. Umakweza mizu pamwamba pa madzi odikha, dothi lake n'lofewa moti mbewu imamera msanga, ndipo ukapingasa chitunda bwino umachepetsa liwiro la madzi. Koma mzere wongoungidwa ndi maso, wopendekera mbali imodzi, umasanduka ngalande. Madzi amathamanga m'khwawa mwake, amasonkhana pamalo otsika, amaswa mizere ya kumunsi, ndipo chigwembe chimayambira pomwepo. Pachifukwa ichi alangizi amalimbikitsa akalozera, mizere ikuluikulu yoyezedwa ndi levulo, yodzalidwa udzu wa vetiva, kuti mizere ina yonse izitsata iwowo.

Kutalikirana kwa mizere kumasinthanso zokolola. Kale anthu ankaunga mizere yotalikirana masentimita 90, mapando masentimita 90, mbewu zitatu pa phando. Pa hekitala zimenezi zimapereka mapesi pafupifupi 37,000, atatuatatu akulimbirana madzi ndi feteleza pamalo amodzi. Njira yomwe alimi amaitcha ya Sasakawa, yomwe inafala kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudzera mu pulogalamu ya Sasakawa Global 2000, imati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mapesi amakwana pafupifupi 53,000, ndipo lililonse limakhala ndi gawo lakelake la dothi lomwamo. Kumbukirani kuti mapesi ambiri amafunanso chakudya chambiri. Popanda feteleza kapena manyowa okwanira, kuthithikanako sikupindula.

Ngonyeka ndi timizere tating'ono totseka khwawa la pakati pa mizere iwiri, totalikirana mamita awiri kapena atatu. Timagwira madzi a mvula kuti alowe pansi m'malo mothawa. M'madera ouma ndi chaka cha ng'amba, ngonyeka zimapulumutsa chimanga. M'dothi la makande kapena chaka cha mvula yambiri zimadikhitsa madzi, choncho ziyenera kukhala zazifupi kuposa mzere, ndipo mvula ikanyanya tizigumula.

Dothi lolimba lobisika pansi pa mzere

Pali vuto lina limene alimi ambiri salidziwa. Chaka ndi chaka timagumula mzere wakale n'kuunga watsopano pomwe panali khwawa. Khasu limalowa kuya komweko nthawi zonse, ndipo m'khwawamo ndi momwe timaponda popalira ndi pobandira. Pakapita zaka, pansi pa dothi lofewa la pamwamba pamapangika dothi lolimba ngati chikuwa, kawirikawiri masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pamwamba.

Chimanga chathanzi chikhoza kuzika mizu mita imodzi kupita pansi. Chikakumana ndi dothi lolimbali, mizu imakhota n'kuyenda cham'mbali, ndipo mbewu imadalira chinyontho cha mu mzere mokha, chomwe chimauma pakangopita masiku ochepa a dzuwa. Madzi a mvula nawonso amalephera kulowa, ndiye amadikha kapena kuthamanga ndi dothi. Munda womwewo umamira mvula ikachuluka, n'kufota msanga ikadula.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nthaka ikakhala yonyowa, kumbani dzenje lakuya masentimita 40, ndipo mubaye khoma lake ndi mpeni kuchokera pamwamba kutsika. Pomwe mpeni ukukana kulowa, ndi pamenepo. Mukhozanso kuzula phesi n'kuona ngati mizu yake yapindika cham'mbali ngati phazi la bakha.

Kuswa dothi limeneli kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mphamvu: kukumba ndi piki kamodzi mpaka masentimita 30, monga limaphunzitsira bungwe la Tiyeni la ku Mzuzu, kenako n'kupanga mabedi otambalala mita imodzi amene sapondedwanso. Yachiwiri tili nayo kale kuno ku Mulanje: nandolo. Muzu wake waukulu umaboola dothi lolimba, ndipo ukaola umasiya njira yodutsa madzi ndi mizu ya chimanga. Masamba ake oyoyoka amawonjezera chonde. Makolo amene amasakaniza chimanga ndi nandolo akulima mozama popanda piki.

Mtayakhasu ndi mayenje

Ulimi wa mtayakhasu, womwe ena amati mleranthaka, uli ndi mfundo zitatu: kusatembenuza nthaka, kuphimbira ndi mapesi kapena udzu, ndi kasinthasintha kapena kusakaniza mbewu. Mapesi ophimbira amatchinga madontho a mvula kuti asamenye dothi, amachepetsa kuuma kwa nthaka ndi dzuwa, ndipo akamaola amaitana nyongolotsi zomwe zimaboola timabowo tolowera madzi.

Mabungwe a CIMMYT ndi Total LandCare akhala akuyesa njirayi m'minda ya alimi kwa zaka zambiri m'maboma monga Nkhotakota ndi Balaka. Zomwe zaoneka n'zakuti phindu lake silibwera chaka choyamba koma pakapita nyengo zingapo, ndipo limaoneka kwambiri chaka cha ng'amba, pomwe munda wophimbira umakhalabe wobiriwira wa mnzake utafota. Ntchito younga mizere imachepanso.

Komabe tisabise zovuta zake. Zaka zoyambirira udzu umavuta, ndipo wosapalira msanga amataya zambiri. Mapesi okwanira kuphimba munda wonse amasowa, chifukwa ena amakolezera moto, mbuzi zimadya, ndipo moto wa osaka mbewa umapsereza otsala. Mapesi akamaola amayamba abwereka chakudya cha m'nthaka, choncho chimanga chimatha kuoneka chachikasu ngati feteleza wachepa. Chachikulu kwa ife a ku Mulanje n'chakuti m'dothi losunga madzi, kumbali ya mvula yambiri, kuphimbira mokhuthala pansi posaunga kumadikhitsa madzi. Kumeneko ndi bwino kusiya mizere yakale osaigumula, kuikonza pang'ono, n'kuyala mapesi m'makwawa. Ndipo kuyamba mtayakhasu dothi lolimba lija lisanaswedwe n'kungotsekera vuto pansi.

Mayenje ndi maenje ang'onoang'ono okumbidwa m'chilimwe, othiridwa manyowa, momwe timadzalamo chimanga chaka ndi chaka. Amakolola madzi a mvula ndi kuika chonde pomwe pali mizu. Amayenera malo ouma ndi dothi loguga, osati m'dambo.

Kuthirira: kukolola kawiri, ngati tawerengera bwino

Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Muloza ndi Thuchila, pamodzi ndi timitsinje tambiri tochokera m'phiri, ndi chuma chimene maboma ena alibe. Ndondomeko ya boma ya ulimi wothirira ya 2015 inawerengera kuti dziko lino lili ndi malo oposa mahekitala 400,000 oyenera kuthirira, koma ogwiritsidwa ntchito pa nthawiyo anali ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Chimanga cha mthirira chimatha kubereka kuposa cha mvula, chifukwa dzuwa limakhala lokwanira ndipo mlimi ndiye amalamula madzi. Chimanga cha mvula m'dziko muno chimabereka pafupifupi matani awiri pa hekitala, omwe ndi matumba 40 a makilogalamu 50, pamene mbewu za haibulidi zosamalidwa bwino zimatha kupyola matani asanu ndi limodzi.

Tisanadzale, tiyeni tichite masamu. Dimba la mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi, likafuna mamilimita 500, ndiye kuti likufuna malita 200,000. Ndi kheni ya malita 10, amenewo ndi makheni 20,000, kapena pafupifupi 170 tsiku lililonse kwa miyezi inayi. Apa ndi pomwe ambiri amagwera: amadzala malo aakulu, mphamvu zimatha, chitsime chimaphwa mu Okutobala, ndipo chimanga chimasowa madzi pa ngayaye penipeni. Dimba laling'ono lothiriridwa mokwanira limaposa lalikulu lomwa mwa apo ndi apo.

Njira zothirira zimasiyana. Kheni ndi yotsika mtengo koma imangonyowetsa pamwamba, ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwepo. Thiredo pampu imachepetsa mtunda woyenda koma imafuna miyendo yamphamvu ndi madzi osazama kwambiri. Injini imathirira malo aakulu koma mafuta amadya phindu. Pampu ya sola imadula pogula koma sifuna mafuta. Ngalande zopatutsa madzi mu mtsinje, zomwe zimatheka m'malo ambiri a m'munsi mwa phiri, n'zotsika mtengo pozigwiritsa ntchito, koma ngalande yadothi imataya madzi ambiri m'njira, ndipo a kumtunda akamathirira mosasamala a kumunsi amagona ndi ludzu. Mapaipi odontheza amasunga madzi kuposa njira zonse, koma amatsekeka ndi matope, ndipo mtengo wake umabwezedwa msanga ndi tomato kapena masamba kusiyana ndi chimanga chouma.

Njira iliyonse yomwe tasankha, malamulo ake ndi ofanana. Thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi, kenako dikirani masiku angapo, m'malo mowaza pang'ono tsiku ndi tsiku. Dothi la mchenga limafuna kuthirira pafupipafupi kuposa la makande. Thirirani m'mamawa kapena madzulo. Tapani dothi la pansi pang'ono n'kulifumbata: likaumbika, chinyontho chilipo, likayoyoka, nthawi yakwana. Masamba akapiringizika m'mamawa dzuwa lisanatenthe, mwachedwa kale. Ngati madzi ndi operewera, manani chimanga chaching'ono kapena chomwe chayamba kuuma, koma musachimane kuyambira ngayaye zikamatuluka mpaka njere zitadzaza.

Apa ndi pomwe kalimidwe ndi kuthirira zimakumana. M'chilimwe sitiopa madzi odikha, choncho mabedi olowa pansi amaposa mizere yokwera, chifukwa madzi amakhala pomwe tawathira. Bedilo likhale losalazidwa bwino kuti mbali ina isamire ina ili gwa. Kuphimbira kumatalikitsa masiku a pakati pa kuthirira. Manyowa amathandiza dothi kusunga madzi. Ndipo dothi lolimba la pansi likakhalapo, ngakhale pampu yamphamvu imangodzaza madzi pamwamba.

Chimanga cha m'dimba chili ndi adani ake. Chodzalidwa mu Juni ndi Julayi chimakula pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira. Poti ndi chokhacho chobiriwira m'dera lonse, kapuchi ndi mbozi za ntchemberezandonda zimachithamangira, choncho m'pofunika kusuzumira m'mitima yake kawiri pa sabata. Mbewu zocha msanga monga Kanyani zimafupikitsa masiku othirira ndipo zimapereka mpata wokolola mvula isanayambe. Komanso tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Gombe lopanda mitengo, nsungwi ndi bango limagumuka, ndipo madzi osefukira amatenga dimba lonse.

Munda uti, njira iti?

Palibe njira imodzi yoyenera minda yonse ya m'boma lino. Munda wa pachitunda umafuna akalozera, vetiva ndi mizere yotsata levulo zinthu zina zonse zisanachitike. Munda wa pamalo athyathyathya ouma, wa dothi la mchenga, umapindula ndi ngonyeka, mayenje kapena kuphimbira. Munda wa makande kapena wa kufupi ndi dambo umafuna mizere yokwera ndi njira yotulutsira madzi. Dimba limafuna mabedi olowa pansi ndi kukula kogwirizana ndi madzi amene adzakhalepo mu Okutobala, osati amene tikuwaona mu Meyi. Ndipo m'minda yonseyi, nandolo ndi manyowa zili ndi malo ake. Tisaiwalenso kuti kalimidwe kabwino sikalowa m'malo mwa kudzala ndi mvula yoyamba yokwanira ndi kupalira m'masabata atatu oyambirira. Mmera m'poyamba.

Pempho lathu

Kwa inu makolo: musasinthe munda wonse chaka chimodzi chifukwa cha zomwe mwawerenga pano. Patulani mizere khumi, muyesepo njira imodzi yatsopano, mbewu ndi feteleza zikhale zofanana ndi za munda wonse, ndipo pokolola muyeze padera. Muchite zimenezi nyengo ziwiri kapena zitatu musanagamule, chifukwa chaka chimodzi chimanama. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuthandizeni kuyeza akalozera.

Kwa inu ophunzira: zomwe mumaphunzira mu Agriculture, Mathematics ndi Geography zili ndi ntchito kumunda kwanu. Pa tchuthi chikubwerachi kumbani dzenje lija, muyeze kuya kwa dothi lolimba, muyezenso kutalikirana kwa mizere ndi mapando, muwerengere mapesi pa hekitala, ndipo mubwere ndi zotsatirazo m'kope. Muwafotokozere makolo mwaulemu, ndipo mumvetsere zomwe iwo akudziwa za mundawo, chifukwa aulima zaka zambiri kuposa zomwe inu mwakhala ndi moyo.

Kwa akuluakulu athu a komiti: mawu anu amamveka m'midzi. Tithandizeni kukambirana ndi mafumu za moto wotentha mapesi, ziweto zongoyendayenda m'minda yophimbira, ndi kagawidwe ka madzi a m'ngalande pakati pa a kumtunda ndi a kumunsi. Izi n'zinthu zomwe banja limodzi silingathe palokha, ndipo nthawi yabwino yozikambirana ndi ino, makasu asanalowe m'munda.